Mtengo wa Chimene Wasiya

Lachiwiri m'mawa ku Izmir, m'chipinda cha pamwamba,
mawindo atachita nthunzi ndi mpweya wa ife mazana awiri,
Mayi Ferhunde anajambula mizere iwiri pa bolodi
n'kutembenuka, choko chili m'manja.
"Chinthu chilichonse chili ndi mitengo iwiri.
Woyamba umalipira ndi ndalama.
Wachiwiri ndi chija wasiya kuti utenge ichi."

Ndinalemba. Cholembera chinali cha Tuncay, mchimwene wanga,
chotafunidwa kumutu, cha mano ake.

Kenaka anatipatsa anthu awiri opanda nkhope.
Woyamba pa tsiku amathyola madengu khumi a azitona
kapena kuumba sopo makumi anayi.
Wachiwiri madengu atatu okha, kapena sopo makumi atatu.
"Woyambayu wapambana ponseponse.
Ndiye wachiwiri akagone?"
Anzanga anaseka. Ine ayi,
poti anthuwo nkhope zawo ndimazidziwa.

Woyambayo ndi amayi anga, a Sabahat,
okwera makwerero kusanache ku Ayvalık, mpango uli m'chiuno,
nthambi n'kumagwedezeka ngati zaona mwini wake.
Wachiwiri ndi abambo, a Cevdet, a mwendo wotsimphina,
otakasa mphika wa sopo kuseri kwa nyumba
mpaka maso psuu ndi utsi.
Sopo wa amayi ankasalala kuposa wawo, tonse tinkadziwa,
koma amayi sankatsika.
Dengu limodzi kwa iwo linkadya sopo anayi,
kwa abambo likadadya khumi.
Aneba ankanong'ona: mwamuna pamphika, mkazi mumtengo!
Zaka makumi atatu akunong'ona,
nyumba yathu ikudya, ngongole ya feteleza ikutha.

Ndinafuna kuimika dzanja, ndinene kuti Mayi,
zimenezi kwathu zimanunkhira mafuta.
Koma choko chinali chitapita kale patsogolo,
ndipo ine ndinatsalira pa mzere uja, ndikuwerenga zina.

Tuncay masamu ankandiposa.
Ankapeza yankho ine ndikusongola pensulo.
M'munda namonso ankandiposa:
iye madengu khumi ndi awiri, ine awiri,
ena odzaza masamba.
Usiku uja makalata a sukulu atabwera onse awiri,
ndalama zili za munthu mmodzi,
palibe anajambula mzere.
Amayi anangoyang'ana manja ake, n'kuyang'ana anga.
Abambo anakhosomola.
"Apite Nergis."

Ndinkayesa andisankha chifukwa cha nzeru.
Lachiwiri lija ndi pomwe ndinamva bwino:
ndinali wotsika mtengo kunditaya.
Akachoka iye munda ulira,
ndikachoka ine mitengo siizindikira n'komwe.

"Akasinthana," anatero Mayi Ferhunde, akupukuta zala,
"onse awiri amapindula."
Mwina. Buku likutero, ndipo masamu ake ndi oona.
Ine ndalandira mpando uwu, nyale ya m'laibulale,
basi ya nambala sikisite yodutsa padoko.
Iye walandira chiyani?
Novembala uno ali pa makwerero a amayi,
poti mawondo awo ayamba kukana.
Amanditumizira sopo wokulunga m'nyuzipepala
ndi kakalata: mayeso ali liti, usagone ndi njala.
Tsiku lina kumbuyo kwa kakalatako
ndinapeza atayankha funso lomwe linandikanika pa foni,
manambala ang'onoang'ono, opendekera, olondola,
pambali pali dontho la mafuta.

Mayeso anafika mvula ikugwa.
Funso loyamba: Fotokozani mtengo wa mwayi wosiyidwa,
perekani chitsanzo chimodzi.
Ndinafotokoza monga anatiphunzitsira, mawu ndi mawu.
Chitsanzo ndinapereka cha tirigu ndi nsalu,
cha maiko awiri omwe kulibe.
Nthawi itatsala pang'ono, m'mphepete mwa pepala,
ndinalemba dzina lake, zilembo zisanu ndi chimodzi.
Woyang'anira anati tiike zolembera pansi.
Inki sifufutika.
Ndinapereka choncho.